Dothi lonse likutuluka NP, nanga bwanji akuligwetserabe chitsulo cha matani 15?

Funso: Ndinagwira ntchito zaka zinayi mu labu yoyeza dothi la misewu kwathu ku Malawi, ndipo pano ndili pa saiti ina m'mbali mwa nyanja kumadzulo kwa Abu Dhabi. Chondizunguza mutu ndi ichi: pafupifupi sampulo iliyonse ndikaiyeza ma Atterberg, mayeso oona mmene dothi limaumbikira, ikutuluka NP, kutanthauza non-plastic, dothi losaumbika, ndipo ulusi wa dothi sukupoteka n'komwe. Kwathu dothi lotere timaliombera m'manja. Pamwamba paponso ndi pouma gwa, piki imachita kunjanja. Koma mabwana abweretsa kireni yoti izigwetsa chitsulo cha matani 15 pamalo ponsepo, komanso andiletsa kuumitsa masampulo pa madigiri 110. Kodi si kutaya ndalama kumeneku? Nanga mayeso a Atterberg ali ndi phindu lanji kuchipululu?

Yankho: Ndalamazo sizikutayidwa, achimwene. Kwathu chimene chimapha msewu ndi dongo likakumana ndi mvula ya Januwale, n'chifukwa chake tinazolowera kuti PI, nambala yosonyeza mmene dothi limaumbikira, ikatsika, mtima nawo ukhale pansi. Koma NP imakuuzani chinthu chimodzi basi: m'dothi limene ladutsa sefa yanu mulibe dongo lokwanira kuti liumbike. Siikuuzani ngati mchengawo ndi wothinana kapena wotayana. Siikuuzani chimene chaumata kuti uoneke wolimba. Siikuuzaninso zimene udzachite tsiku limene udzanyowe, ndipo kumene mulikoko nkhani yagona pamenepo.

Tikumbutsane kaye chimene mayesowa amayeza, poti ambirife timawachita ndi manja okha, mutu uli kwina. Mayi woumba mbiya akafika pamtapo amatapa dothi pang'ono, kulinyowetsa, n'kulipota pakati pa zikhato. Likapoteka ngati chingwe osaduka, amadziwa kuti mphika utuluka. Likanyenyeka amakakumba pena. Albert Atterberg, katswiri wa ku Sweden amene ankafufuza dothi la ulimi, anaika manambala pa nzeru yomweyi mu 1911. Pali mlingo wa madzi pamene dothi limasiya kunyenyeka n'kuyamba kuumbika, ndiye plastic limit. Pali mlingo wina pamene limasiya kuumbika n'kuyamba kuyenderera ngati phala, ndiye liquid limit. Mpata wa pakati pa iwiriyi ndiye PI. Kambale kamkuwa kamene mumapukusa kaja anakakonza ndi Arthur Casagrande mu 1932: kamagwa mamilimita 10, kawiri pa sekondi, ndipo inu mumafuna chinyezi chimene kamzere kamene mwalemba pakati pa phala la dothi kamatsekeka utali wa mamilimita 13 pa kugunda kwa nambala 25. Malabu amene amatsata BS 1377, malamulo a ku Britain oyezera dothi, amakonda cone ya magalamu 80, nsonga yachitsulo yoisiya masekondi 5 kuti ilowe m'phala la dothi mamilimita 20. Ulusi ndi womwe uja, kuupota pagalasi mpaka unyenyeke pa mamilimita 3.

Musanalembe NP, tsimikizani kuti ndi NP yoona, chifukwa zabodza ndaziona zambiri. Dothi la kuchipululu lakhala louma zaka zosawerengeka, ndipo dongo lochepa limene lilimo limakhala litamatana ndi mchere kapena laimu wachilengedwe n'kusanduka timibulu tolimba. Mukasefa louma, timibuluto timatsala pamwamba pa sefa ya mamilimita 0.425, inu n'kutitaya poyesa ndi mchenga, osadziwa kuti mwataya chinthu chenicheni chimene mumafuna kuyeza. Viikani sampulo m'madzi, itsukeni ikudutsa pasefa, dikirani matope adikhe, ndipo phala limenelo ligone usiku wonse lili chovundikira. Dongo limene lauma nthawi yaitali silimwa madzi msanga. Mukalifulumizitsa limadzionetsa ngati fumbi wamba. Chinanso, dothi lamchengamchenga siliyenderera m'kambale ka Casagrande, limangotsetsereka lonse pamkuwa, kamzere n'kutsekeka pa kugunda kochepa ngakhale muchepetse madzi chotani. Mukaona zimenezo musakakamize manambala kuti graph ikongole. Yesani ndi cone, ndipo ulusi ukakana, lembani NP ndi mtima woyera. Lembaninso papepalapo madzi amene mwagwiritsa ntchito. Madzi osungunula a mu labu amachotsa mchere umene unali m'dothimo, ndiye zotsatira zimatha kusiyana ndi zimene mungapeze mutagwiritsa ntchito madzi a m'dzenje momwe mwatenga sampulo.

Nanga n'kuvutikiranji ndi mayeso amene kasanu ndi kanayi pa khumi akutuluka NP? Chifukwa cha kamodzi kotsalako. Chipululu si mchenga wokhawokha. Pansi pa malo ngati anuwo pamabisala timizere ta matope ofewa timene nyanja inasiya kalekale. M'makhwawa ouma, amene kumeneko amati wadi, madzi osefukira amasiya dongo m'malo otsika. Ku Saudi Arabia, m'matauni a Al-Ghat, Tabuk ndi Tayma, nyumba zambiri zinang'aluka chifukwa cha dothi lofufuma. Ganizani za makande a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, amene m'chilimwe amang'aluka mpaka mwendo kulowa, dzinja likafika n'kutsekeka. Kusiyana kwake n'kwakuti makande athu amamwa mvula chaka chilichonse, pamene dongo la kuchipululu lili ndi ludzu la zaka mazanamazana. Likapeza paipi yodontha limamwa osaleka, n'kunyamula simenti ya pansi ndi makoma omwe. Sampulo imodzi yotuluka liquid limit 60 ndi PI 35 pakati pa ma NP makumi asanu ndi imene mumalandirira malipiro.

Tsopano za pamwamba polimba paja. Malo athyathyathya a m'mbali mwa nyanja amene mwafotokozawo Aluya amawatcha sabkha, ndipo gombe la kumadzulo kwa Abu Dhabi ndi limodzi mwa malo odziwika nawo kwambiri padziko lapansi, pamodzi ndi chigawo cha kummawa kwa Saudi Arabia cha ku Jubail. Madzi a pansi amakhala pafupi, nthawi zambiri osakwana mita imodzi kapena ziwiri, ndipo mchere wake umaposa wa m'nyanja kangapo. Dzuwa limakoka madziwo kudzera m'timipata ta mchenga monga thonje la koloboyi limakokera parafini. Akafika pamwamba amauma, n'kusiya mchere ndi gypsum, mwala wofewa woyera, zikumata mchenga. Chimene piki yanu ikunjanjapo ndi nkhoko chabe. Pansi pake pali mchenga wotayana, wonyowa, wosakanikirana ndi zigoba za nkhono ndi matope, moti malo ena ndodo ya SPT, yoikhomera pansi ndi hamala poyeza kulimba kwa dothi, imalowa ndi kumenya kuwiri kapena kutatu, mwinanso ndi kulemera kwa hamala kokha.

Chitani ichi mawa m'mawa. Gamulani chidutswa cha nkhokozo chachikulu ngati sopo, chiikeni m'botolo lodula pamwamba, muthiremo madzi akumwa. Poyamba muona tithovu tikukwera. Pakapita mphindi zochepa m'mphepete muyamba kuyoyoka, ndipo pofika nthawi ya tiyi mupeza kamulu ka mchenga pansi pa botolo. Lawani madziwo ndi nsonga ya lilime. Mphamvu yonse imene inagonjetsa piki ija ndi imene mukuilawayo.

Nkhani ya uvuni ikuchokera pomwepo. Gypsum ili ndi madzi ake a m'thupi, omangika m'kati mwa mwala, okwana pafupifupi 21 peresenti ya kulemera kwake. Madzi amenewa sanyowetsa dothi ndipo rola sawadziwa. Koma pa madigiri 105 mpaka 110 amayamba kutuluka, sikelo n'kuwawerenga ngati chinyezi. Dothi likakhala ndi gypsum 30 peresenti, uvuni wotentha ukhoza kukuwonjezerani 4 mpaka 6 peresenti ya chinyezi chimene kulibe. N'chifukwa chake BS 1377 imati dothi la gypsum lisapitirire madigiri 80, ndipo ASTM D2216 ya ku America imatchula madigiri 60. Tsatani chimene chalembedwa mu spesifikeshoni ya saiti yanu.

Ine izi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Pa ntchito ina ya msewu m'dera louma, Proctor, mayeso opezera mlingo umene dothi lingathinane likatsenderedwa, inachitikira ku labu yaikulu kumene ankaumitsa pa moto wochepa, pamene ife ku labu ya pa saiti uvuni tinautchera pa 110 monga mwa chizolowezi. Leya iliyonse imalephera. Kontilakita amagalauza, kuthira madzi, kutsenderanso, ife n'kuyeza, n'kulepheranso. Fomani, bambo wachikulire wa mawu ochepa, anaponda pansi ndi chidendene n'kunena kuti dothi ili lakwana, vuto lili m'kanyumba kanuko. Ndinamuyankha mwamwano kuti manambala sanama. Taonani masamu ake. Dothi lolemera 2.00 lili lonyowa, chinyezi chenicheni chili 8 peresenti, limapereka dry density, kulemera kwake madzi atachotsedwa, ya 1.85. Uvuni ukanama kuti chinyezi ndi 13, dry density imatsika kufika 1.77. Leya imene inali pa 98 peresenti ya mlingo wa Proctor imaoneka ngati ili pansi pa 94, pamene pofunika ndi 95. Tinagalauzitsa msewu wabwinobwino kwa masiku angapo, ndipo kupepesa kwake sindinakuiwale mpaka lero. Makina a nuclear gauge, oyezera kuthinana ndi chinyezi pamsewu pomwepo, nawo amagwa m'mbuna yomweyi, chifukwa amawerenga hydrogen osasankha kuti ndi wa madzi ati, choncho amafunika kuwayerekeza kaye ndi uvuni wozizirirapo. Za kukazinga sampulo pachitofu pofuna kufulumira, kumeneko musayerekeze n'komwe.

Mchere wa m'madzi umanamiza mobwerera kwina. Madzi akauma m'kachitini, mchere umatsala n'kuwerengedwa ngati dothi, ndiye chinyezi chimaoneka chochepa kuposa chenicheni. Pa dothi la sabkha kusiyanaku si kwamasewera, ndipo pali kawerengedwe kokonzera mukadziwa kuchuluka kwa mchere m'madzi a pansiwo.

Mwina mukuti, mvula yake iti yoti isungunule nkhokozo? Madzi amabwera ndi anthu. Nyumba ikatha pamabwera kapinga ndi kanjedza zothiriridwa tsiku ndi tsiku, mapaipi odontha, matanki a zimbudzi, madzi otuluka m'makina oziziritsa mpweya. Ku Riyadh, ku Kuwait ndi ku Doha madzi a pansi anakwera mizinda itakula, mpaka kulowa m'zipinda za pansi pa nyumba. Mvula nayo ikati ibwere siichita manyazi: pa 16 Epulo 2024 dera lina la ku Al Ain linalandira mamilimita opitirira 250 pasanathe tsiku limodzi, mvula yoposa imene dziko la United Arab Emirates limalandira pa chaka. Dothi lotayana limene laima chifukwa cha mchere kapena tidongo tochepa, likanyowa lili ndi katundu pamutu, limatitimira mwadzidzidzi. Akatswiri awiri a ku South Africa, Jennings ndi Knight, anakonza njira yoyezera zimenezi mu oedometer, makina opanikizira sampulo ya dothi: sampulo yosasokonezedwa imapanikizidwa ili youma mpaka 200 kPa, kenaka mumaithira madzi n'kuona mmene yatsikira. Ikatsika kupitirira 5 peresenti, konzekani mavuto. Mchenga wa ku Kalahari umadziwika ndi khalidwe limeneli, ndipo wambiri mwa iwo ndi NP kapena PI yochepetsetsa.

Gypsum ikakhala yambiri pansi, madzi oyenda amaisungunula pang'onopang'ono n'kusiya mapanga. Damu la Mosul pa mtsinje wa Tigris ku Iraq linamangidwa pa miyala yotere m'zaka za m'ma 1980, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anthu akhala akupopera simenti pansi pake kuti atseke mabowo amene amangotsegukabe.

Tifike pa kireni ija. Chimene mwina simunachizindikire n'chakuti NP yanuyo ndi imene yaitana kireniyo. Njira yogwetsa chitsulo, dynamic compaction, inatchuka ndi injiniya wa ku France, Louis Ménard, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Chitsulo chikagwa chimaswa nkhoko ndi timfundo tonse ta mchere, mchenga n'kugwedezeka n'kulowana, ndiye kutitimira kumene kukanachitika nyumba ili pamwamba kumachitikiratu lero. Koma kuti mchenga ulowane, madzi a m'timipata ayenera kupeza pothawira. Mu mchenga amathawa msanga. Mu dongo lonyowa alibe kolowera, ndiye chitsulo chimangokhala ngati chikumenya matiresi: apa patsika, apo patukuka, kulimba ayi. Mwa chizolowezi cha ntchitoyi, dothi lokhuta madzi limene PI yake yapitirira 8 siliyenera njira imeneyi. Choncho amene anasankha kireni anayang'ana mapepala onga anuwo, n'kuona NP ndi fumbi lochepa lodutsa sefa ya mamilimita 0.075, n'kunena kuti pano chitsulo chigwira ntchito. Mukanawapatsa PI 20, akanaitanitsa zida zina.

Kuzama kumene chitsulo chimafika mukhoza kukuyerekeza nokha. Chulukitsani matani ndi mamita amene chikugwa, pezani square root, mutenge theka. Matani 15 kugwa mamita 20 ndi 300, square root yake ndi 17 ndi kanthu, theka lake ndi mamita 8 kapena 9. Kaimeni patali ndithu muonerere. Chitsulo chimagwa pamalo amodzi kangapo mpaka pakumbike dzenje, pansi kunjenjemera mpaka m'mawondo mwanu, kireni n'kusendera pena motsata mizere imene anaikiratu. Nthawi zina m'maenjemo mumabwera madzi akuwira ndi mchenga, chizindikiro chakuti pansi papanikizika, ndipo amayenera kudikira masiku angapo asanabwerezenso. Akatero amakwirira maenje ndi buludoza, kumenyanso pakati pa maenje oyamba, n'kumaliza ndi kugwetsa chapafupi ponseponse kuti pamwamba pasalale. Pamalo pamene madzi ali pafupi kwambiri amayamba athira mchenga wokwanira kuti kireni iime pouma. Pafupi ndi nyumba za eni kapena mapaipi njirayi ndi yovuta, chifukwa kugwedezako sikudziwa malire a puloti.

Akakumana ndi thumba la matope ofewa, amathira miyala kapena mchenga m'dzenje n'kumaukhomerera ndi chitsulo chomwecho mpaka upange mzati wonenepa wopyola matopewo. Imeneyo ndi dynamic replacement. Malo a yunivesite ya KAUST ku Thuwal, m'mbali mwa Red Sea ku Saudi Arabia, imene inatsegulidwa mu 2009, anakonzedwa ndi njira ziwirizi, chifukwa sabkha yake imasinthasintha pa mtunda waufupi, pena mchenga pena matope. Pamalo otere woyendetsa kireni amaona yekha mmene chitsulo chikulowera, koma wotsimikiza ndi labu.

Mchenga wotayana ukapita pansi kwambiri amagwiritsa ntchito vibro compaction, njira imene inayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1930. Chitsulo chachitali chonjenjemera chimalowetsedwa pansi mothandizidwa ndi madzi, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono. Chilumba cha Palm Jumeirah ku Dubai, chimene anayamba kumanga mu 2001 ndi mchenga wokumba pansi pa nyanja, chinatsenderedwa chonchi. Njirayi ndi yosankha kwambiri kuposa kireni: fumbi likapitirira 10 mpaka 15 peresenti imayamba kulephera, ndipo dongo lochepa chabe limaifooketsa. Zikatero amasintha n'kuika mizati ya miyala ya kwale. Matope akakhala okhuthala amaunjika mulu wa dothi pamwamba kwa miyezi, atabaya timizere totulutsa madzi, kapena amangopyola zonsezo ndi ma pile, mizati yaitali yolowa pansi. Njira iliyonse pamenepa yasankhidwa poyang'ana sefa ndi PI. Zikatha amayeza ndi CPT, ndodo ya nsonga ya cone yoikankhira pansi, ndipo apa pali kamsampha kena: mchenga wa ku Gulf uli ndi zigoba zambiri zimene zimaphwanyika pansonga ya cone, ndiye nambala imatuluka yotsika kuposa ya mchenga wa quartz wothinana mofanana. Mikangano yambiri pakati pa kontilakita ndi konsatanti imabadwira pamenepo.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kutsendera maleya nayo ili ndi zake. Mchenga wa m'milu ya kuchipululu unasankhidwa ndi mphepo, njere zake n'zofanana kukula ndiponso zoburungika ngati shuga, moti palibe ting'onoting'ono tolowa pakati pa zazikulu. Proctor, mayeso amene Ralph Proctor anafalitsa mu 1933 ali ku Los Angeles, amakupatsani graph ya kaphiri kooneka bwino pa dothi la katondo la kwathu. Pa mchenga uwu kaphiriko kamakhala kosaoneka, mwinanso kamatembenuka: mchenga umathinana bwino ukauma kotheratu kapena ukakhuta madzi, koma ukangonyowa pang'ono umafufuma n'kukana rola. Musadabwe mukapeza graph yooneka ngati chigwa. Pa mchenga wotere kuyeza kuthinana kwake, relative density, pougwedeza kumanena zoona kuposa hamala ya Proctor. Ngakhale utsendereke bwanji, pamwamba pake pamakhala potakasuka, tipa ikangodutsa yafukula, choncho umafunika kuuvundikira msanga ndi leya ya dothi lamiyala kapena kuusakaniza ndi lina lokhala ndi fumbi. Kutentha nako kumaba madzi bawuza isanatembenuke. M'chilimwe boma la kumeneko limaletsa ntchito ya padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 Juni kufika pa 15 Seputembala, ndiye leya yothiridwa madzi 11 koloko n'kusiyidwa yatayika. Sampulo zanu nazo zitsekeni m'pulasitiki pomwepo, osayenda nazo pambalambanda kumbuyo kwa galimoto.

Madzi otsenderera ndi nkhani ina. Madzi abwino kumeneko ndi odula, ndipo pali chiyeso chotunga a m'nyanja kapena a m'dzenje. Pansi pa dothi lokwirira lakuya mwina spesifikeshoni ikhoza kulola, koma m'maleya a pamwamba mchere umakwera n'kuunjikana pansi pa phula, kulitukula matuza mpaka kusupuka. Ku Botswana, ku Namibia ndi ku Australia anaziona zimenezi pa misewu ya phula lopyapyala. Chodabwitsa n'chakuti mchere womwewo ukhoza kukhala bwenzi: msewu wochoka ku Swakopmund kupita ku Henties Bay ku Namibia kwa zaka zambiri unali wa dothi la gypsum lothiridwa madzi a mchere, wosalala ngati wa tala, kungoti nkhungu ya m'nyanja ikagwa umaterera koopsa. Unkatheka chifukwa kumeneko mvula ndi yosowa ndipo panalibe phula loti lisupuke.

Pa funso la simenti kapena laimu, PI ndi imene imayamba kuyankha. Laimu amafuna dongo loti alimbane nalo, ndipo phindu lake limaoneka PI ikapitirira 10 kapena kuposerapo. Kuthira laimu mu mchenga wa NP ndi kungoupaka utoto. Mchenga umafuna simenti kapena phula, ngakhale kuti wa njere zofanana uja umadya simenti yambiri chifukwa mipata yake ndi yaikulu. Koma kuchipululu PI siyankha yokha. Dongo likakhala ndi sulfate, amene gypsum ndiye gwero lake, laimu kapena simenti zikakumana nalo pamodzi ndi madzi pamabadwa mchere wina wotchedwa ettringite, umene umakula ngati tisingano n'kufufumitsa leya yonse. Msewu wa Stewart Avenue ku Las Vegas, mzinda wa m'chipululu ku America, unatukuka n'kung'aluka motere atauthira laimu, ndipo mpaka lero umatchulidwa pophunzitsa mainjiniya. Ndiye pepala la Atterberg lisamayende lokha. Liziyenda ndi la sulfate, la chloride ndi la carbonate. Sampulo ya CBR, mayeso a mphamvu ya dothi yonyamula magalimoto, nayonso iviikeni masiku anayi athunthu. Alipo amene amati kuviika n'kosafunika poti kuno sikugwa mvula. Ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono, makamaka m'tauni momwe m'mbali mwa msewu uliwonse adzadzalamo maluwa.

Kireni ikachoka mchere umatsala. Chloride imadyetsa zitsulo za m'konkire dzimbiri, sulfate imafumbutsa konkireyo. N'chifukwa chake muona akuyala miyala ikuluikulu yopanda fumbi kapena nsalu ya geotextile pansi pa maleya kuti madzi a mchere asakwere, akupaka phula maziko ndi kuwakuta ndi mapepala osalowa madzi, akusakaniza simenti ndi zotsalira za m'mafakitale zotchedwa slag kapena fly ash, ndiponso akusiya konkire yokhuthala kunja kwa zitsulo. Burj Khalifa, ya mamita 828, yakhala pa thandala la konkire lokhuthala mamita 3.7 ndi ma pile pafupifupi 190 onenepa mita imodzi ndi theka, ndipo pansipo anaikapo njira ya magetsi yoteteza zitsulo ku dzimbiri chifukwa cha madzi omwewa.

Pa benchi yanu, ndikadakhala inu ndikadachita izi. Pambali pa NP iliyonse lembani peresenti yodutsa sefa ya 0.075 ndi kuzama kumene sampulo yachokera, chifukwa NP ya fumbi 5 peresenti ndi NP ya fumbi 40 peresenti ndi nyama ziwiri zosiyana kwa woyendetsa kireni. Sampulo imene yakumatani m'zala, ngakhale ikhale imodzi, musaisakanize ndi zinzake pofuna kuti ikwane. Iyezeni payokha ndipo injiniya auzidwe tsiku lomwelo. Mukaona timiyala tonyezimira ngati galasi losweka, tokandika ndi chikhadabo, imeneyo ndi gypsum, lembani. Mu uvuni ikanimo thermometer yanuyanu pashelefu pamene pali zitini, osadalira nambala ya pachitseko.

Uvuni wa madigiri 60 ndi waulesi, sampulo imatha masiku awiri kapena atatu, ndipo fomani adzakuimirani pakhomo akufuna zotsatira kuti athire leya ina. Tulutsani chitini, chizizire, chiyezeni, chibwezereni, muyezenso pakapita maola anayi. Kusiyana kukakhala kosapitirira 0.1 peresenti ya kulemera kwa sampulo, pamenepo ndiye tengani cholembera.